Kagulugufe ka M'tsekera pa Chitunda cha Dzaleka

Munthu wochokera ku Lilongwe akapatuka mumsewu waukulu wa ku Kasungu nalunjika ku boma la Dowa, asanafike kumene njira iyamba kukhotakhota pakati pa mapiri, amangoona chitunda chachikulu chadzaza ndi nyumba zothithikana, za zidina ndi za njerwa zootcha, zina zofolera malata, zina udzu wosanjika pa pulasitiki; ndipo mphepo ya mwera, imene pamalo amenewa siidziwa kupuma, imatola fumbi lofiira m'tinjira nilimwaza pa onse mosasankha, mwini dziko ndi mlendo yemwe. Pamenepo ndiye pa Dzaleka. Dzina limeneli lamveka kutali, poyamba m'manong'onong'o a anthu amantha, kenaka m'mawayilesi a maiko akunja, ndipo amene alemba za malowa alemba za ndende, za nkhondo za kwa eni ake, za ufa ndi nyemba zolandirira pamzere. Ine ndati ndilowere khomo lina, laling'ono ndithu, pakuti mbiri ya malo siikhala m'kamwa mwa anthu mokha. Udzu nawo uli ndi umboni wake, pamodzi ndi tizilombo tokhala m'udzumo.

Tsiku lina m'mwezi wa Epulo, mvula itayamba kutsanzika, chimanga chitakhwima m'minda, ndinakhala pansi pa mlambala wa munda wina kumunsi kwa chitundacho kuti miyendo ipume. Ndipo pa tsamba la tsekera, pafupi zedi moti ndikanatha kulikhudza ndi ndodo yanga, panatera kanthu kodera, kosaposa mfundo imodzi ya chala. Kanakhala mwachilendo: mapiko akutsogolo kanawaimika pang'ono, akumbuyo kanawayala chogona, mutu waukulu, maso akuda otong'oka, thupi lonenepa laubweya losayenerana ndi kuchepa kwa mapikowo. Kanzake katadutsa kanangoti vuu, diso langa osaona kumene kalowera. Ndisanaphethire kawiri kanali katabwerera pa tsamba lomwelo, katapenya komwe kuja, monga mlonda amene wapirikitsa wakuba nabwerera pakhomo pake, thukuta osatuluka n'komwe. Mnyamata wina woweta mbuzi anaima chapatali nandiyang'ana, pakuti munthu wa imvi wopenyetsetsa udzu ndi chinthu chodabwitsa kwa ana.

"Mwanawe, tabwera kuno. Kameneka n'kachiyani?"

"Ndi gulugufe, agogo."

"Nanga dzina lake?"

Anaseka, nakanda kumutu, nati, "Kalibe dzina, agogo. Sikadyedwa."

Mwanayo, mosadziwa, anatchula lamulo lakale la chilankhulo chathu. Achewa ndife anthu odziwa kutcha mayina, komatu timatcha chimene chilowa mumphika, ndi chimene chilowa m'nkhokwe mwathu osaitanidwa. Ngumbi timazisiyanitsa ndi mafulufute, bwannoni ndi dziwala, nkhululu ndi nyenje. Mbozi zodyedwa, matondo ndi mphalabungu, tizidziwa nyengo yake ndi mtengo umene zimagwa. Adani a chimanga nawo sitinawamane mayina, pali kapuchi woboola phesi, pali nankafumbwe wosandutsa fumbi chakudya cha chaka chonse, pali ntchemberezandonda zimene dzina lake lokha ndi nthano. Koma agulugufe, oyera ndi achikasu, amawangamawanga ndi akuda, aakulu ngati chikhatho ndi aang'ono ngati chikhadabo, tinawaunjika onse m'dengu limodzi, kupatula uja wa usiku wodziponya pamoto, amene tinamutcha kadziwotche kuti tizinenera anthu odzipweteka okha. Sindikudandaula nazo; chilankhulo chimanenepa kumene kuli njala ndi ntchito ya eni ake. Ndingoti popeza makolo sanakasiyire dzina, ine m'nkhani ino ndikatcha kagulugufe ka m'tsekera, ndipo wodziwa dzina lina la kwawo andikhululukire.

Ophunzira za tizilombo amakaika m'banja lalikulu lotchedwa Hesperiidae, la mitundu yoposa 3,500 pa dziko lonse lapansi, limene Angerezi amalitcha skipper chifukwa cha kuuluka kwake kodumphadumpha. Gulugufe wamba amauluka mwaulesi, akupepesuka uku ndi uku ngati tsamba louma, ndipo tinyanga take timathera m'kamutu ngati chibonga. Koma a banja ili tinyanga tawo timapindika kunsonga ngati mbedza, chifuwa chawo n'chodzaza ndi minofu yoyendetsa mapiko, ndicho chifukwa chake amachoka pa tsamba ngati mwala wa pa legeni. Ambiri ndi odera, osakopa maso, ofanana wina ndi mnzake monga ana a mimba imodzi, kotero kuti akatswiri omwe, pofuna kuwasiyanitsa, amachita kuwaika pansi pa galasi lokuza zinthu. Ka m'mbali mwa minda yathu, kamene kunsi kwa mapiko ake kuli kwachikasu ngati udzu wa mu Meyi, mabuku akale amakatcha Gegenes niso; ndipo chiyambi cha dzinalo ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1764 analongosola kouma kochokera ku Cape, iye mwini osapondapo phazi mu Africa masiku onse a moyo wake. Kali ndi abale ake a mafuko a Borbo ndi Pelopidas, ndipo mmodzi wa iwo, Pelopidas mathias, amapezeka kuyambira kuno mpaka ku India ndi ku Japan, kumene alimi amamudziwa bwino chifukwa mbozi yake imapinda masamba a mpunga ndi kuwadya.

Moyo wake wonse wakoloweka pa tsamba la udzu. Kakakazi kamaikira dzira limodzi pano, lina apo, lililonse losaposa kambewu ka mpiru, pa udzu wanthete monga kapinga ndi unzake wa m'mbali mwa dambo. M'dziramo mumatuluka kambozi kobiriwira, ka mutu waukulu ndi khosi lowonda, kamene ntchito yake yoyamba, kasanadye n'komwe mokhuta, ndiyo kumanga nyumba. Kamakoka mbali ziwiri za tsamba nikazilumikiza ndi ulusi wotuluka m'kamwa mwake, ulusiwo pouma nukokana, tsamba nilipindika kukhala ngati kampopi. M'menemo ndimo kamabisala usana, mbalame ndi mavu zili kalikiliki kusaka, nikatuluka kukadya kukachita chisisira. Kakakula kamasiya nyumba yothinayo nikasoka ina yokulirapo. Pali chinanso chimene chinandiseketsa nditachimva koyamba, chinkana n'choona: kambozi aka sikalola ndowe zake kuunjikana pakhomo, kamaziponyera kutali, pakuti fungo la ndowe ndilo limalondolera adani ake, alangizi a zaukhondo akanakadziwa, bwenzi atakajambula pa khoma la chipatala. Masiku ake akakwanira kamaleka kudya nikagona chete, thupi likusandulika m'tulo, kufikira tsiku limene katuluka ndi mapiko onyowa nikawayanika padzuwa. Zonsezi zimatenga milungu ingapo, ndipo chaka chimodzi chimaona mibadwo ingapo. Koma kuti zitheke, udzuwo uyenera kukhala chiimire masiku onsewo, wosamwetedwa, wosadyedwa ndi mbuzi, wosapsa ndi moto.

Kali ndi mbale wake wa m'nkhalango amene sindingamudumphe, pakuti njira za awiriwa zinapatukana pa zitunda zomwe zino. Ameneyo ndi Abantis zambesiaca, amene John Westwood wa ku Oxford anamulemba mu 1874 namutcha dzina la mtsinje wa Zambezi. Wovala bwino iyeyu, wa mapiko akuda onyezimira okhala ndi timawindo toyera, ndi thupi la madontho ofiirira ndi oyera, wokhala m'nkhalango za miombo za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania. Mbozi yake siidya udzu. Imafuna masamba a mitengo monga muwanga, uja mtengo wolimba umene chiswe chimaulephera, umene munthu aliyense wofuna mzati wa nyumba kapena makala okhalitsa amayamba wauponyera maso. Amphongo ake ali ndi mwambo wokwera pamwamba pa chitunda dzuwa likafika paliwombo, aliyense nagwira kanthambi kake, nadikira akazi, amene amadziwa okha kuti bwalo la maukwati lili kumeneko. Tsono wina chuma chake ndi udzu, wina chuma chake ndi mtengo. Ndipo zaka 100 zapitazi pa Dowa zakhala zaka za nkhwangwa.

Tibwerere m'mbuyo. Dzaleka ndi chimodzi cha zitunda za m'mphepete mwa chidikha chachikulu cha pakati pa dziko lino, pamene nthaka, itayenda chogona kuchokera ku Mchinji ndi ku Kasungu, imadzuka nikhala mapiri a Dowa, a Kongwe ndi a Ntchisi, isanagwere kunsi ku Salima ndi ku Nkhotakota. Makolo athu anapeza kuno nkhalango ya mitengo yotalikirana, tsamba, mombo, mtondo, msuku ndi muwanga, dzuwa likulowa kufikira pansi ndi kumeretsa udzu pakati pake, ndi madambo otambalala m'zigwa. Kalimidwe kawo kanali kosuntha: ankatema, natentha, nabzala mapira ndi mawere, ndipo pambuyo pake chimanga, nthaka ikatopa nausiya mundawo ukhale tsala. Tsala ndilo linali dziko la malonjezano la kagulugufe kathu, chifukwa m'tsala udzu ndiwo umayamba kubwerera, mitengo ikuphukira pazitsa pang'onopang'ono m'mbuyo mwake. Kotero khasu la makolo linkakakonzera malo, eni khasuwo osadziwa.

Moto nawo unali ndi nyengo yake ndi eni ake. Tchire silinali lotentha mwana aliyense wokhumba mbewa. Linali ndi mwini, wolengeza tsiku la uzimba, ndipo wolitentha mwakuba ankaonekera pabwalo. Moto wa mu Juni, udzu usanaumitse, umayenda mwaulesi nusiya zilumba zobiriwira m'mene timbozi timapulumukira. Koma moto wa mu Okutobala, mphepo ikuukankha, umanyambita zonse nupha ndi mitengo ing'onoing'ono yomwe. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, a zankhalango anayesa zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1930, chigawo china akuchitentha msanga chaka ndi chaka, china mochedwa, china osachitentha konse, ndipo anapeza kuti moto wochedwa, ukabwerezedwa, umatha miombo nusiya thengo la udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto. Ndisaname kuti makolo ankatentha msanga nthawi zonse. Uzimba waukulu unkachitika tchire litauma ndithu. Chimene chinkapulumutsa tizilombo ndi kukula kwa dziko: moto ukadya chitunda ichi, china chinkatsala, m'mbali mwa dambo udzu sunkauma, ndipo chizimalupsa chikagwa, msipu nuphuka pa lupsa lakuda, otsalawo ankatuluka m'madambo nadzazanso dziko.

M'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800 kunadza Angoni a Chiwere Ndhlovu, nakhazikika m'mapiri a Dowa ndi ng'ombe zawo ndi zishango zawo. Achewa ena anagonja nakhala pansi pawo, ena anamanga malinga, ena anathawira kumapiri; ndipo nkhalango yobiriwira ya pamwamba pa phiri la Ntchisi, imene siiyoyola masamba chaka chonse, anthu a kumeneko amaikumbukira kufikira lero monga pothawirapo pa masiku oipawo. Midzi itaunjikana chifukwa cha mantha, minda yakutali inasiyidwa, tchire nilibwerera pamene panali mabwalo. N'chowawa kuchilemba, koma zaka zimene anthu ankagona khutu lili kunja ndizo zaka zimene muwanga unakula mumtendere.

Mu 1889 abusa a Dutch Reformed Church, Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok, anamanga pa Mvera ndi chilolezo cha Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe m'dziko la Msakambewa. Sukulu za mishoni imeneyi ndizo zinabala alembi onga Samuel Josia Ntara, amene anatisiyira Mbiri ya Achewa. Nyengo yomweyo m'dziko muno munalowa azungu a mtundu wina, onyamula kaukonde ka nsalu yopyapyala pa ndodo, amene anthu a m'midzi ankawayesa openga poona mwamuna wandevu akuthamangitsa chinthu chosadyedwa. Alexander Whyte anatola za ku Zomba ndi ku Mulanje, Richard Crawshay za kumpoto ndi za kunyanja, nazitumiza m'timapepala topindapinda ku British Museum ku London, kumene Arthur Butler ankazilongosola ndi kuzitcha mayina m'zaka za m'ma 1890. Pambuyo pawo kunadza S. A. Neave, ndipo mu 1937 W. H. Evans anasonkhanitsa m'buku limodzi mitundu ya banja ili ya mu Africa monse. Koma mtengatenga amene anasenza mabokosiwo, ndi mnyamata wa maso akuthwa amene anathamanga ndi kaukonde m'tsekera mame akadali m'miyendo, kawirikawiri mayina awo sanalembedwe pa timapepala tolasidwa ndi singano pansi pa tiagulugufeto. Kachilombo kanapeza dzina la Chilatini, wokagwira anabwerera kwawo ndi mchere ndi nsalu.

Chimene chinasintha nkhope ya Dowa koposa nthungo za Angoni ndi fodya. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba ulimi wa fodya pa Mbabzi kufupi ndi Lilongwe, nagawira anthu a m'midzi mbewu kuti azilima okha ndi kugulitsa kwa iwo. M'zaka zowerengeka alimi a fodya a Lilongwe ndi Dowa anafika zikwi zambiri, kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimiwo ndi misika yake. Fodya wake anali wa chikopa, wochiza ndi utsi, wofuna moto wofuka pansi pake masiku ambiri, wokondanso mphanje koposa munda wakale. Kotero nkhwangwa inagwira ntchito kawiri, kutsegula munda ndi kudyetsa chigafa. Munthu ankafuna ndalama ya msonkho, ya nsalu ya mkazi wake, ya njinga, ndani angamuweruze? Walira mvula walira matope. Boma lomwelo, poona mapiri akuyamba kuyera, linapatula nkhalango ya Ntchisi mu 1924, nilikhazikitsa mu 1926 nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi mafumu. Ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha linadza ndi malamulo a malimidwe, okakamiza mizere ndi milambala yopingasa chitunda, amene anthu anawada ndi mtima wonse chifukwa ankadza ndi faindi ndi ndende, ndipo chidani chimenecho chinathira nkhuni pamoto wa chipani cha Congress. Taonani tsono kuseketsa kwa mbiri: mlambala uja, umene agogo athu anaukumba akutukwana mumtima, ndiwo lero uli ndi udzu wosalimidwa pakati pa minda yogundana, ndipo ndi pa mlambala wotero pamene ndinakhala tsiku lija.

Ufulu unadza mu Julayi 1964, koma miyezi iwiri yokha itapita Dr. Hastings Kamuzu Banda anasemphana ndi nduna zake. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere anaukira boma pa Fort Johnston, pamene lero timati Mangochi, nalephera kuoloka Shire pa Liwonde. Ndipo kuyambira pamenepo anthu oganiziridwa kuti ali kumbali yake anayamba kutoledwa usiku ndi kutsekeredwa popanda mlandu kuzengedwa. Ambiri a iwo anadza nawo pa chitunda chozizira ichi. Dzina la malowa anthu amalimasulira kuti "ndidzaleka", mawu a mwana amene akukwapulidwa, ndipo palibe amene ankafunsa kuti aleke chiyani. Zaka khumi pambuyo pake, mu 1975, a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ankakana kugula khadi la chipani, atabwezedwa kuchokera ku Mozambique kumene anathawira, anaunjikidwa pano zikwi, amuna ndi akazi, ena ndi makanda kumbuyo, nagwira ntchito yakalavulagaga ya khasu ndi nkhwangwa m'mphepo ya Juni. Ena anafera pompano, ndipo otsalawo anamasulidwa pofika 1977. Wa ku Dowa aliyense wa msinkhu wanga amakumbukira m'mene tinkadutsira mumsewuwu maso ali pansi, pakuti ngakhale kuloza chala kunali mlandu.

Chaka chija cha 1965, ku Blantyre, bungwe la Society of Malawi linasindikiza buku la David Gifford la mndandanda wa agulugufe a m'dziko lino, mtundu uliwonse ndi dzina lake ndi malo amene unapezeka. Bukulo lilibe mlandu, ndipo ophunzira akulitsegulabe. Koma sinditha kuliganizira osakumbukira kuti m'chaka chimene mayina a agulugufe a Malawi anaikidwa poyera m'zilembo zosindikiza, mayina a ana a Malawi otsekeredwa pa Dzaleka ankatchulidwa chonong'ona m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, ana atagona.

Mu Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri, mu Meyi 1994 boma linasintha, ndipo chaka chomwecho malo a ndende yakale anasanduka msasa wa othawa nkhondo, boma la Malawi likugwirizana ndi bungwe la UNHCR loona za othawa kwawo. Ku Burundi mwazi unali kukhetsedwa chiphedwere Melchior Ndadaye mu Okutobala 1993. Ku Rwanda, kuyambira Epulo kufikira Julayi 1994, kunachitika chipululutso chimene dziko lapansi silinachiiwale. Ndipo pambuyo pake nkhondo za kum'mawa kwa Congo zinatumiza khamu loposa onsewo, pamodzi ndi ochepa a ku Ethiopia ndi ku Somalia. Malowa ndi a mahekitala 201, ndipo anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000; lero ali ndi oposa 50,000. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame a pa Dzaleka atha zaka zoposa 30 dzuwa osawakamutsa, ndipo amene anabadwira pano abala ana awo pompano. Zigawo za msasawu anazitcha mayina a kwathu kuno, Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre, Karonga, ngati kuti anthu osaloledwa kukakhala m'mizindayo awapatse mayina ake okha. Ndipo mu Meyi 2023 amene anatuluka nakatsegula timagolosale m'matauni anatoledwa ndi apolisi nabwezedwa pano. Komabe Lachiwiri lililonse msika wa Mardi Marché umadzaza ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo chiyambire 2014, pamene wandakatulo Menes La Plume anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, a ku Lilongwe amadza ndi magalimoto awo kudzavina pa bwalo limene makolo awo ankaopa kuliloza.

Ndamva ambiri akunena kuti alendowa ndiwo anatha mitengo ya pa Dowa, ndipo mawu amenewa ndimawalandira ndi dzanja limodzi. N'zoona kuti anthu 50,000 ophika tsiku ndi tsiku pa kadera kotere sangasiye chitsamba chiimire, ndi kuti amayi otuluka kukafuna nkhuni akhala akukangana ndi eni minda. N'zoonanso kuti njerwa za nyumba zonsezi zinapsa ndi nkhuni za kwinakwake. Koma nkhwangwa inafika pano kale mlendo woyamba asanaone chitundachi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa. Chiyambire 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, mudzi uliwonse wa ku Mponela ndi ku Madisi unaimika zigafa zofuna mphanda ndi mitanda ndi udzu chaka ndi chaka. Ndipo njinga zosenza makala zimene zimatsika m'bandakucha zimalunjika ku Lilongwe, ku nyumba za ife amene timalemba nkhani zodandaula za nkhalango. Tsala linatha, pakuti palibe amene ali ndi munda wougoneka. Madambo anasanduka madimba a tomato ndi kabichi othiridwa mankhwala. Tchire lilibenso mwini, ndipo moto umayamba tsiku limene mwana wapeza machesi.

M'zonsezi ka m'tsekera kapirira, chifukwa zofuna zake n'zochepa: mlambala, mphepete mwa msewu, kapinga wa kuseri kwa tchalitchi, udzu wa m'ngalande. Mbale wake wovala bwino uja zake zinavuta, pakuti muwanga suphuka lero n'kukula mawa. Womufuna ayenera kupita kumene mitengo ya makolo idakalipo, ku nkhalango za Kongwe ndi Ntchisi, kapena ku malo amodzi amene Mchewa salowako ndi nkhwangwa. Woyenda m'dziko la Dowa akaona pakati pa minda yoyera kachilumba ka mitengo italiitali yakuda, asafunse: amenewo ndi manda. Kumeneko, kumene agona eni dziko, kumene Gule Wamkulu amatulukira, mitengo siitemedwa wamba, moto amaulambulira kuti usalowe, udzu wa m'mphepete umakhala chiimire. Ndipo chimene malamulo a boma la atsamunda ndi la ife tomwe analephera kuchisunga ndi alonda ndi faindi, mantha ndi ulemu wa kwa akufa zachisunga popanda malipiro.

Dzuwa litapendeka tsiku lija, ndinamuuza mnyamatayo kuti tifune nyumba ya kambozi, ndipo iye, wa maso akuthwa koposa anga, sanachedwe kupeza tsamba lopindika lomangidwa ndi timaulusi toyera tinayi kapena tisanu. Ndinalitsegula ndi chikhadabo pang'onopang'ono. M'katimo munali kambozi kobiriwira, kamene kanabwerera chambuyo pothawa kuwala, mutu wake ukugwedera uku ndi uku.

"Agogo, mwakaphwasulira nyumba. Kagona kuti?"

"Kasokanso usiku uno, mwanawe. Nanga iwe kwanu n'kuti?"

"Ku Likuni."

"Wachokera ku Lilongwe ndi mbuzi zimenezi?"

"Iyayi, agogo, Likuni wa m'kampu muno. Ndinabadwira momwemo."

Chichewa chake chinali cha pa Dowa chenicheni, chopanda chilema. Anati amayi ake gulugufe amamutcha kipepeo, ndipo agogo ake aakazi, amene Chichewa chinawakanika, amati ikinyugunyugu, onse aakulu ndi aang'ono dzina limodzi lomwelo. Tili chilankhulire, mbuzi yaikazi ya mawanga inasendera ku mlambala niyamba kubudula udzu chakufupi ndi tsamba lathu; mnyamatayo anatola chibuma naigenda m'nthiti, nazikusa zonse kukwera nazo kuchitunda, kumene utsi wa madzulo unali utayamba kale kutuluka m'madenga.